Momwe mungafufuzire zomwe asilikali ankakumana nazo m'ngalande pa nkhondo ya 1914

Buku lakusukulu limangokuuzani kuti nkhondo yoyamba yapadziko lonse inayamba 1914 n'kutha 1918, ngalande zobisalamo asilikali zinayambira kunyanja ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, makilomita pafupifupi 700, basi mwakhoza mayeso. Koma zoti munthu ankagona bwanji mmenemo, ankadya chani, mapazi ake ankaoneka bwanji atakhala m'madzi masiku angapo, zimenezo muzifufuze nokha kwa eni akewo. Zambiri zili pa intaneti, bola bando ikhalepo.

Poyambira musatenge nkhondo yonse, mungosokonezeka mutu. Sankhani msilikali m'modzi kaya gulu limodzi. Pa webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission mutha kusaka dzina mwaulere, imakupatsani nambala ya msilikaliyo, gulu lake, tsiku lomwe anafa ndi komwe kuli manda ake. Nambalayo ilembeni penapake chifukwa mayina achizungu amafanana heve. Dziwani kuti mmenemo muli omwe anafa okha. Mafayilo a asilikali wamba a Britain ambiri anapsa bomba litagwera nyumba yosungiramo ku London mu 1940, ndiye mukasowa fayilo ya munthu wanu musadabwe.

Kenako makalata. Webusayiti ya Europeana ili ndi makalata ndi zithunzi zomwe mabanja a ku Ulaya anapereka, Imperial War Museums, malo osungirako mbiri ya nkhondo ku Britain, nayonso ili nawo ambiri. Apa ndi pomwe anthu amapusitsika kwambiri, amawerenga kalata yoti "amayi musadandaule ndili bwino" n'kuganiza kuti kunalidi bho. Ayi ndithu. Kalata ya msilikali wa Britain inkayamba yawerengedwa ndi ofesala wa gulu lake lomwelo isanatumizidwe, dzina la malo linkafufutidwa, ndiye tangoganizani mukulembera mkazi wanu koma mukudziwa kuti bwana wanu ayamba ndiye kuwerenga, mungalembe zoti mukunjenjemera ndi mantha? Kunalinso kapositikhadi kosindikiziratu komwe munthu ankangokhwatcha mizere yosamukhudza n'kusiya monga woti ali bwino kapena wagonekedwa m'chipatala, ukangowonjezerapo mawu ako kankatayidwa. Asilikali a ku India omwe anamenya ku France mu 1914 ndi 1915 anachenjera, ena ankalemba za tsabola wakuda ndi tsabola wofiira, wakudayo kutanthauza amwenye anzawo, wofiirayo azungu, ndiye munthu akalemba kuti tsabola wakuda watsala pang'ono kutha ankauza abale ake kuti musalembetse usilikali, kuno tikutha. Choncho powerenga kalata muzidzifunsa kuti akulembera ndani, nanga akubisa chani.

Madayale, mabuku omwe munthu ankalembamo zomwe wakumana nazo tsiku ndi tsiku, ndiye amanena mosabisa kwenikweni, ngakhale kuti malamulo sankalola kusunga dayale kutsogolo kunkhondoko, anthu ankangolemba mobisa. Musathamangire masiku a nkhondo zikuluzikulu okha ngati 1 July 1916 ku Somme ku France pomwe asilikali a Britain oposa 19,000 anafa tsiku limodzi. Werenganinso masiku opanda nkhaniwo, ineyo ndimaona kuti moyo weniweni uli pamenepo. Mbandakucha aliyense ankaimirira mfuti m'manja kudikira ngati adani abwera, madzulo chimodzimodzi. Masana kubisala ndi kugona mwa apo ndi apo, ntchito yeniyeni inali usiku, kukonza waya waminga, kudzaza matumba a dothi, kusenza chakudya ndi madzi. Chakudya chake nyama ya m'chitini, mabisiketi olimba ofunika kuviika kaye, tiyi wonunkha petulo poti madzi ankabwera m'zigubu za petulo, ndi katoti ka ramu m'mawa.

Muzisaka mawu a nsabwe ndi mapazi, simuwasowa. Nsabwe zinkabisala m'misoko ya malaya, munthu ankavula n'kuyendetsa lawi la kandulo pamsokopo mpaka mazira ake kumathetheka, pakapita masiku ochepa zabwereranso, ndipo zinkafalitsa matenda otentha thupi. Mapazi akakhalitsa m'jombo zonyowa ankachita dzanzi, kutupa, ena mpaka kuola n'kudulidwa, n'chifukwa chake maofesala ankayendera mapazi a anyamata awo n'kuwakakamiza kusintha sokosi ndi kudzola mafuta a nangumi. Makoswe ndiye osanena, ankanenepa ndi mitembo. Ndipo musaganize kuti munthu ankakhala m'ngalande yakutsogolo chaka chonse, ankasinthana, masiku ochepa kutsogolo, kenako kumbuyo pang'ono, kenako kukapuma kumidzi, ndiye mukaona dayale ikunena za mpira ndi kusamba musati mwasokera.

Mukatha apo yerekezani ndi zomwe gulu lake linalemba. Gulu lililonse la Britain linali ndi dayale yake ya tsiku ndi tsiku yolemba ofesala, ili ku National Archives, kosungira zikalata za boma la Britain ku Kew mu London, pansi pa nambala ya WO 95, yambiri inajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti. Ndi youma zedi, imangoti gulu lili pakuti, mabomba anagwa nthawi yakuti, afa angapo, mayina a asilikali wamba sapezeka kawirikawiri. Koma tengani deti limodzi, ikani kalata, dayale ya munthuyo ndi ya gululo pamodzi, pamenepo ndi pomwe mumagwira kuti tsiku lomwe anauza amayi ake kuti kuli zii linali lomwe anzake anaphulitsidwa.

Zojambulidwa mawu mverani pomaliza. Imperial War Museums inacheza ndi madala ambiri omwe anamenya nkhondoyi, koma patapita zaka 50 kapena kuposa, madeti ena ankawasokoneza, ngakhale fungo ndi phokoso sankaiwala. Harry Patch, msilikali wa Britain yemwe anamenya m'matope a ku Passchendaele ku Belgium mu 1917 n'kumwalira 2009 ali ndi zaka 111, anayamba kukamba za nkhondo atakwanitsa zaka 100.

Ngati mukufufuza agogo anu a kuno kwathu, musatayire bando ku France. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo yomweyi, yomwe kuno imatchedwa ya Chiwaya, kuno ku Africa, kuyambira ku Karonga mu September 1914, kenako kulowa mu Tanzania ya lero mbali za Tukuyu ndi Songea mpaka ku Mozambique, inali yoyenda mtunda wautali m'tchire osati yokhazikika malo amodzi ngati ku Ulaya. Mayina a asilikali ena ali pa chipilala cha ku Zomba chija, koma a tengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Pa amenewo tengani foni mupite kumudzi, funsani akuluakulu zomwe anamva kwa makolo awo, ndipo muyambe ndi mayina a malo ndi nyimbo, madeti mudzawapeza pambuyo.