Momwe mungapangire kuti ka @ kanu kaziona pafupi pokha mu roguelike

Roguelike ndi gemu yoyenda m'zipinda za pansi pa nthaka (dungeon) momwe wosewera amaimiridwa ndi chizindikiro cha @. Ngati mapu a dungeon yanu mwapanga kale ndipo ka @ kakuyenda bwinobwino m'zipinda, mwina mwaona kuti gemuyo sikukoma. Vuto ndi loti mukuona zonse nthawi imodzi, zipinda, zilombo, ngakhale masitepe otsikira pansi, ndiye mantha achokera kuti? Kwa ine mdima ndiye mtima wa gemu yotereyi, tiyeni tiubweretse.

Poyamba tile iliyonse (kabokosi kamodzi ka pa mapu) ikhale ndi zinthu ziwiri zosiyana, walkable kutanthauza kuti mutha kupondapo, ndi transparent kutanthauza kuti maso atha kudutsa. Chonde musaziphatikize izi. Khoma ndi False pa zonse ziwiri inde, koma dzenje kapena madzi akuya simungapondepo pomwe tsidya linalo mukuliona bwinobwino, ndipo tsiku lomwe mudzaike mtsinje pakati pa chipinda mudzathokoza kuti munazilekanitsa.

Kenako pangani ma array (matebulo a data) awiri a NumPy, library ya Python, akulu ngati mapu anu, visible ndi explored, onse ayambe ali False. Visible ndi zomwe wosewera akuona panopa, explored ndi zomwe anaonapo kale. Mu Python ndi tcod, library yopangira ma roguelike, ntchito yonse yowerengera FOV (field of view, malo omwe wosewera akuona) ndi mizere iwiri basi:

visible[:] = tcod.map.compute_fov(tiles["transparent"], (x, y), radius=8)
explored |= visible

Mzere wachiwiriwo ndi womwe ndimaukonda kwambiri, chilichonse chomwe mwaona kamodzi chimalowa mu explored osatulukanso. Mukaika radius=0 ndiye kuti maso alibe malire. Komanso samalani popanga ma array aja kuti x azibwera patsogolo pa y ngati mmene zilili mu (x, y), apo bii kuwala kudzaonekera mbali yolakwika.

Nanga mkatimo mumachitika chani? Njira yosavuta ndi kuponya mizere ya Bresenham (mizere yowongoka yodutsa m'ma tile) kuchokera pa @ kupita m'mphepete monse, mzere ukagunda khoma waima, koma imasiya timabowo tamdima pamalo oti pakuoneka. Yabwino ndi shadowcasting, yomwe Björn Bergström anaifotokoza mu 2001, malo ozungulira wosewera amagawidwa m'zigawo 8, chigawo chilichonse mumachiyenda mzere ndi mzere kutalikira, ukapeza khoma limaponya mthunzi kumbuyo kwake ndipo zonse za mumthunzimo sizioneka, ngati tochi usiku magetsi atazima. Ine ndimasankha mtundu wake wa mu tcod wotchedwa FOV_SYMMETRIC_SHADOWCAST chifukwa ngati inu mukuchiona chilombo nachonso chikukuonani. Palibe chowawa ngati kulasidwa muvi ndi chinthu chomwe gemu sinakupatseni mpata wochiona, wosewera amamva kuti waberedwa.

Pojambula pa sikirini pali mitundu itatu, za visible ziwale, za explored zokha zikhale zotuwa ngati chikumbutso, zotsalazo zakuda bii. np.select ya NumPy imachita izi pa kamodzi. Koma zilombo zijambuleni pokhapokha zili mu visible, osati explored, chifukwa zimasuntha ndipo mukazionetsa m'chipinda chomwe munachokamo kale mwaulula chinsinsi chonse.

Chomaliza, musawerengere FOV pa frame iliyonse. Iwerengeni wosewera akasuntha, komanso chitseko chikatseguka kapena kutsekeka, popeza pamenepo transparent ya tile imeneyo yasintha ngakhale @ waima pomwepo.