Kukwera Gran Paradiso pa ma ski osakwiriridwa ndi sinowo

Gran Paradiso ili ku Valle d'Aosta ku Italy, ndi yotalika mamita 4061, ndipo anthu amakonda kunena kuti ndi phiri losavuta pa mapiri onse opitirira 4000 a ku Alps. Mawu amenewo ndi amene amandiopsa ine, chifukwa munthu akamva kuti chosavuta amayamba kutayirira, pomwe kumtundako kuli glacier, madzi oundana okhala ndi ming'alu yakuya yobisika pansi pa sinowo, komanso avalanche, kugumuka kwa sinowo kuja kotha kukukwirira m'kuphethira kwa diso.

Nyengo yake ndi kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi. Mumayambira ku Pont, m'chigwa cha Valsavarenche, n'kukwera kukagona ku Rifugio Vittorio Emanuele II, pa mamita opitirira pang'ono 2700, kutanthauza kuti mukugona pafupifupi mulingo wa Sapitwa musanayambe n'komwe ntchito yeniyeni. Mawa lake kwatsala mamita ngati 1300. Ngati simunatsetserekepo pa ma ski, timatabwa tatitali tovala kumapazi totsetserekera pa sinowo, kunja kwa njira zosalazidwa ndi makina, musayambire pano chonde, ndipo ulendo woyamba lipirani gaidi wa satifiketi ya IFMGA, bungwe la padziko lonse la magaidi a m'mapiri.

Musanapake n'komwe chikwama werengani lipoti la avalanche la AINEVA, bungwe loona za sinowo ndi avalanche ku Italy, dzulo lake komanso m'mawa. Sikelo yake ndi 1 mpaka 5, ndiye vuto lili pa 3, anthu amaiona ngati ili pakatikati basi palibe nkhani koma ndi pomwe ambiri amafera, chifukwa pa 4 ndi 5 aliyense amakhala m'nyumba. Musangoyang'ana nambala, werengani kuti akuti vuto lili mbali iti ya phiri komanso kuyambira mamita angati. Sinowo amagumuka kwambiri pa matsitso a madigiri 30 mpaka 45, omwewo okoma kutsetserekapo, ndipo kukagwa sinowo watsopano mphepo n'kumuunjika mbali imodzi, amapanga chibenthu cholimba chokhala pamwamba pa sinowo wosagwirana. Mukaponda n'kumva kuti fuu pansi pa mapazi ngati phiri lapuma, kapena mng'alu ukuthamanga kuchokera kunsonga ya ski yanu, bwererani pomwepo, osayamba zokambirana kuti tafika kale patali.

Aliyense akhale ndi zinthu zitatu, kachipangizo ka ARTVA kotumiza siginolo kuti anzanu akupezeni mukakwiririka, ndodo yopinda yofufuzira munthu, ndi fosholo yachitsulo osati yapulasitiki. Ku Italy kuyambira 2022 ndi lamulo. ARTVA muvale pathupi m'kati mwa jekete, osati m'chikwama, foni ikhale kutali nayo chifukwa imasokoneza, ndipo pakhomo pa rifugio, nyumba yogonamo ija, mmodzi aime ayese aliyense akamadutsa. Munthu akafukulidwa pasanathe mphindi 15, pafupifupi 9 mwa 10 amapezeka amoyo, koma ikapitirira hafu ya ola ambiri amakhala atatsamwa kale, ndiye imbani 112 inde koma helikoputa nthawi zambiri siifika m'mphindi zimenezo, wokufukulani ndi mnzanu yemweyo munadya naye usiku. Yesererani kunyumba, kwirirani ARTVA m'chikwama mnzanu aisake mukumuwerengera nthawi.

Dzukani kukadali mdima, ma 4 koloko, tochi pachipumi, zikopa zomatira pansi pa ma ski kuti asabwerere m'mbuyo. Mukatuluka pondani sinowo, ngati wauma gwa ndiye kuti usiku kunazizira bwino, koma ngati nsapato ikulowa mpaka m'bondo m'mamawa choncho tsikulo ndi loipa kale, dzuwa likangomenya sinowo wonyowa ayamba kutsika yekha. Gwirizanani ola lobwerera musananyamuke, likakwana mutembenuke kaya chifanizo cha Madonna (Maria) cha pansonga pa phiri chikuoneka apo.

Pa glacier lamba wa m'chiuno akhale atavalidwa kale, ndipo pokwera mangiriranani chingwe motalikirana, chisamakhwepe pansi, makamaka kukakhala chifunga kapena sinowo watsopano amene waphimba ming'alu. Pamalo okayikitsa dutsani mmodzimmodzi ena akuyang'ana ali pabwino, osaunjikana. Chakumapeto ma ski mumawasiya, n'kuvala ma crampons, mano achitsulo omangirira kunsi kwa nsapato, pa kamsana ka miyala kopapatiza, pansi phompho, ndipo pamakhala mzere wa anthu, pamenepa dekhani.

Potsika tsatirani pafupi ndi mphondero zomwe munakwerera, musaime pamalo pomwe sinowo waloweka ngati kadzenje, ndipo musavule ski ngakhale imodzi pa glacier, ski ndi imene imagawa kulemera kwanu pamwamba pa mng'alu. ARTVA muzimitse mukafika ku Pont, pagalimoto.