Kugula ndi kusamala 4x4 yakale: yambirani kunsi kwa galimoto

Land Rover Series, Defender, kapena Toyota Land Cruiser za mtundu wa 40, 60 ndi 70 zimagulidwa mutagona chagada pansi pake. Penti wowala ndi mipando yokutidwa kumene zisakutengeni mtima. Injini yotopa makaniko amaidzutsa, giyabokosi imasinthika, koma chasisi, chimango chachitsulo chonyamula galimoto yonse, chikadyeka ndi dzimbiri, bodi yonse iyenera kunyamulidwa ndipo ntchitoyo ikhoza kuposa mtengo womwe mwagulira galimotoyo.

Popita kukaiona tengani tochi, kahamala, sikuludiraiva, maginito ndi malaya omwe simudandaula akada. Mupemphe mwiniwake kuti asailize musanafike. Mukafika gwirani injini ndi dzanja: ngati ndi yofunda, pali chomwe chikubisika pa kalizidwe kake ka m'mawa.

Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza, chodyeka chimamveka ngati thabwa lofumbwa, ndipo nthawi zina zibenthu za dzimbiri zimakugwerani kumaso. Chasisi cha Land Rover ndi chabokosi, mkati mwake muli mphako. Matope amalowa m'mabowo, nakhazikika, nasunga chinyezi, choncho dzimbiri limayambira mkati. Pomwe mukuliona kunja ndiye kuti mkati mwatha kale. Malo oyamba kuwonongeka ndi mtanda wakumbuyo kwenikweni pomwe amamanga chokokera ngolo, timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Kankhani sikuludiraiva mwamphamvu pamalo amenewa. Chigamba chimodzi chowotchereredwa bwino si nkhani. Zigamba zosanjikizana, kapena phula lakuda lopakidwa dzulodzulo kunsi konse, zikuuzeni kuti mubwerere.

Bodi ya Land Rover yakhala ya aluminiyamu kuchokera 1948, ndiye sichita dzimbiri lofiira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Bulkhead, chipupa cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndi chachitsulo wamba. Chotsani makapeti muone popondera miyendo, mizati yomangapo zitseko ndi kunsi kwa galasi lakutsogolo. Ufa woyera wotupitsa penti pomwe aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo ndi kudyeka kwa mtundu wina. Land Cruiser bodi yake ndi yachitsulo, choncho maginito amagwira ntchito: pomwe akukana kumata, pamatidwa fila wobisa bowo. Yang'anani pansi poponda, kuzungulira matayala akumbuyo ndi ngalande za m'mbali mwa denga.

Musadzuke musanaone nambala yodindidwa pachasisi, kutsogolo mbali ya kumanja. Ifanane ndi ya m'mapepala chilembo ndi chilembo. Ena mwa magalimoto akalewa amamangidwa kuchokera ku zidutswa za magalimoto awiri kapena atatu, ndipo nambala yosiyana ndi mlandu womwe mudzasenze nokha.

Tsopano injini. Ya dizilo ikatulutsa kautsi koyera masekondi ochepa italira kumene, palibe vuto. Utsi woyera wosatha, pamodzi ndi thovu lotumphuka m'rediyeta, umaloza gasiketi ya hedi (mutu wa injini) kapena hedi yong'aluka. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, wakuda kawirikawiri ndi mainjekita kapena sefa ya mpweya yotsekeka, ndipo wakudawu ndiwo wotsika mtengo kukonza. Masulani chivundikiro chothirira oyilo injini ikulira, muchisiye pakamwa pake. Chikamavina n'kugwa chifukwa cha mpweya wotuluka, maring'i a mapisitoni atha. Funsani za lamba wa timing, woyendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni, ngati injini ndi 200Tdi kapena 300Tdi ya Land Rover, kapena 1HZ ya Toyota. Lambayu akaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Popanda umboni wa tsiku lomwe anasinthidwa, muwerengereni pamtengo ndipo mumusinthe musanapite ulendo wautali. Pambuyo pake musamupyoletse makilomita 100,000 kapena zaka zisanu.

Poyesa kuyendetsa, pezani msewu wadothi. Lowetsani 4x4, kenako giya yamphamvu ya low, muyende pang'ono kutsogolo ndi m'mbuyo. Pamtsetse chotsani phazi pamafuta muone ngati giya ikudzichotsa yokha. Kugogoda kwa kunsi mukaponda ndi kusiya mafuta kumachokera ku majoini a shafiti kapena difu (magiya ogawira matayala mphamvu) yolekera. Dziwani kuti Series II ndi IIA zilibe synchro, tizitsulo tothandiza giya kulowa mosakukuta, pa giya yoyamba ndi yachiwiri, ndiye kukukuta kwake n'kwachibadwa ndipo zimafuna kuponda kilatchi kawiri. Series III ya 1971 kupita mtsogolo ikamakukuta, imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Kuseri kwa matayala akutsogolo kuli mipira yachitsulo yomwe imalola tayala kukhota uku likukoka. Pukutani ndi nsanza. Pa Land Rover mpirawo uyenera kukhala wosalala ngati galasi, chifukwa timaenje tadzimbiri timang'amba siilo iliyonse yatsopano m'masabata ochepa. Pa Land Cruiser mukaona phala lamadzimadzi lakuda likuchucha pamenepo, siilo yamkati yatha ndipo oyilo wa m'difu akusungunula girizi wa joini. Zikachedwa kukonzedwa, joiniyo imauma n'kuyamba kulira pokhota.

Mwagula. Sabata yoyamba khuthulani zamadzi zonse, musakhulupirire zomwe mwauzidwa: oyilo wa injini, giyabokosi, transfer box (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), madifu onse awiri, madzi a m'rediyeta ndi mafuta a mabuleki. Nthawi zonse yambani mwamasula bawuti wothirira musanamasule wokhuthulira, kuopa kukhala ndi difu yopanda oyilo ndi bawuti wokanirira. Onani tizitsulo tomwe tamata pamaginito a bawuti wokhuthulirayo. Fumbi losalala n'lachizolowezi, tizibenthu ndi mano a magiya.

Mtundu wa oyilo usasokonezeke. Giyabokosi ya Series imafuna oyilo wa magiya wa EP90 wa gulu la GL-4, chifukwa mankhwala a mu GL-5 wina amadya tizitsulo tamkuwa ta synchro. Giyabokosi ya LT77 ya Land Rover 90 ndi 110, zomwe pambuyo pake zinatchedwa Defender, imamwa ATF, oyilo wofiira wopyapyala wa magiyabokosi osintha okha, ngakhale ndi yosintha ndi dzanja. Mukathiramo EP90 magiya amalimba injini ikakhala yozizira. Oyilo wa injini yakale ya dizilo asinthidwe pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo tsiku lomwelo popani girizi m'timawere tonse ta mashafiti mpaka watsopano atulukire m'mbali zinayi za joini. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, asinthidwe zaka ziwiri zilizonse.

Chomwe chimapha magalimoto amenewa ndi kuwasiya akabwerako ku matope ndi madzi. Difu yotentha ikamira mumtsinje imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera pakabowo kopumira kapena pasiilo. Mukawoloka madzi ofika pa ekiselo, masulani bawuti muone oyilo. Akakhala ngati tiyi wamkaka, msintheni tsiku lomwelo. Njira yokhalitsa ndi kulumikiza kapaipi pakabowoko n'kukakwezera m'mwamba pafupi ndi injini. Matope atsukeni ndi paipi yamphamvu, kulowetsa madzi m'mabowo a chasisi mpaka otuluka ayere, chiume bwinobwino, kenako mupoperemo wakisi woteteza dzimbiri kamodzi pachaka.

Series ndi Land Cruiser 40, 60 ndi 70 zambiri zilibe difu yapakati, choncho musayende pa 4x4 pamsewu watala. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo popanda poterera mphamvuyo imapotokola mashafiti mpaka china chithyoke. Defender imakoka ndi matayala onse nthawi zonse, koma loko ya difu yake yapakati imvere lamulo lomwelo. Giya ya 4x4 ikakana kutuluka, bwererani m'mbuyo mamita angapo molunjika, imamasuka. Ngati kutsogolo kuli mahabu otembenuza ndi dzanja, atsekeni kamodzi pamwezi muyende nawo makilomita khumi kuti oyilo awazikire m'zigawo zam'mwamba.

Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana. Nthawi yomwe tayala linapangidwa ili pamanambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwake: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Tayala lopyola zaka khumi lichoke ngakhale mapanga ake akadali akuya, kuphatikizapo lasipeya lomwe lakhala likupsa ndi dzuwa pachitseko chakumbuyo.