Kadyedwe ka cao lau pamsika wa ku Hoi An

Mwafunsa kuti mukafika ku Hoi An, m'dziko la Vietnam, mungadye bwanji pamsika waukulu osabetsa ndalama kapena kudwala m'mimba.

Lawirani m'mamawa, cha m'ma 6 koloko, nsomba zikungofika kumene m'mbali mwa mtsinje. Tengani ndalama zing'onozing'ono za dong, chifukwa amayi ogulitsa sakonda kuvutika ndi chenji.

Mukalowa m'holo yodyeramo, musatengeke ndi amene akukukodolani kwambiri. Pitani pomwe padzaza eni dera. Pamenepo chakudya sichikhalitsa mumphika. Funsani mtengo musanakhale pansi.

Kenako itanitsani cao lau. M'mbalemo mupeza ma noodles okhuthala, nyama yankhumba yoduladula, masamba aawisi ndi tizidutswa tokazinga touma gwa. Msuzi ndi wochepa ndipo umabisala pansi, choncho sakanizani bwino ndi timitengo todyera musanalawe, apo ayi pamwamba pake mudzaona ngati palibe mchere. Eni ake amati ma noodles enieni amafuna madzi a m'chitsime chakale cha Ba Le. Tsabola yambani ndi wochepa, amaluma zedi.

Madzi imwani a m'botolo okha, ndipo lipirani mukamaliza kudya.