Yesani pampu yanu mvula isanayambe

Amene muli ndi nyumba kapena shopu pamalo otsika, pomwe madzi amasonkhana m'dzenje n'kumatulutsidwa ndi pampu, musadikire Disembala. Iyeseni mu Okutobala, kunja kukadali kouma. Thirani ndowa zingapo za madzi m'dzenjemo mpaka kampira koyandama kamene kamayatsa pampu kakwere. Pampu iyenera kuyaka yokha, n'kuzimanso yokha madzi akatsika. Ikangoti zii, kawirikawiri vuto limakhala kampirako: mwina kakodwa pa paipi, mwina kakwiririka m'matope.

Onaninso valavu yoletsa madzi kubwerera. Paipi yotulutsa madzi izikathira kutali ndi maziko, apo ayi madzi omwewo azingobwerera m'dzenje.

Chimene ambiri amaiwala ndi magetsi. Mvula yamkuntho ngati ya Freddy mu Malichi 2023 imagwetsa mapolo pa nthawi yomwe pampu ikufunika kwambiri, choncho konzeranitu batire kapena jenereta.

Madzi a m'chimbudzi amafuna pampu yakeyake, chifukwa ya madzi amvula imatsekeka ndi zonyansa. Ndipo chonde, ikawonongeka musalowe nokha m'dzenje la zonyansazo. Mpweya wa m'menemo umapha msanga, ndiye itanani pulambala wodziwa ntchitoyi.