Kupanga asilikali osankhika a pambuyo pa Alexander mu gemu ya nkhondo

Ndikamapanga gulu la asilikali osankhika mu gemu yanga, manambala ndimawasiya kaye pambali. Ndimatenga pepala n'kulemba nkhondo imodzi imene gululo linapambana, ina imene linaonongeka, ndipo pansi pake ndimalemba chimene chinachititsa. Njira imeneyi ndinaiphunzira nditalakwitsa. Gemu yanga ndi ya zaka zimene zinatsatira imfa ya Alexander Wamkulu, mfumu ya Amakedoniya, ku Babylon mu 323 BC, akazembe ake akulimbirana ufumu. Poyamba ndinangotenga msilikali wamba wa mkondo, n'kumuwonjezera mphamvu zomenyera, zodzitetezera ndi kulimba mtima, basi n'kumupatsa dzina lomveka. Mnzanga amene timayesa naye gemuyi Loweruka madzulo anasewera nane katatu, ndipo katatu konseko anapambana ndi amene anayamba kugula gululo. Kachinayi anakana kusewera. Sanalakwe, chifukwa munalibenso choti munthu aganizire.

Tiyeni tiyambe ndi a Zishango za Siliva, amene m'Chigiriki ankatchedwa Argyraspides, poti ndi amene aliyense amawafuna mu gemu yake. Analipo pafupifupi 3,000, amuna amene anamenyapo nkhondo pansi pa Alexander komanso bambo ake, mfumu Philip, ndipo ankatsogoleredwa ndi Antigenes. Pamene ankamenyera kazembe Eumenes polimbana ndi kazembe mnzake Antigonus ku Paraitakene ndi ku Gabiene, cha m'ma 317 ndi 316 BC, olemba akale amati ang'onoang'ono mwa iwo anali ndi zaka pafupifupi 60, ena atafika 70. Ku Gabiene madala amenewa anaphwasula mzere wa Antigonus umene unali patsogolo pawo. Koma nkhondoyo inachitikira pachigwa chouma chamchere, fumbi lili koboo, ndipo apakavalo a Antigonus anazembera m'fumbimo kukalanda msasa. Mumsasamo munali akazi awo, ana awo ndi chuma chonse chimene anasonkhanitsa kuyambira ali anyamata. Atamva zimenezo anagwira Eumenes, mkulu wawo yemwe, n'kumupereka kwa Antigonus kuti katundu wawo abwerere.

Nkhani imeneyi yakupatsani kale malamulo a gululi. Mphamvu apatseni ndithu, musaumire: pamaso ndi pamaso palibe gulu la oyenda pansi limene liyenera kuwagonjetsa. Komanso musawachepetsere liwiro kapena kuwatopetsa msanga poti ndi okalamba. Ambiri amachita zimenezo, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa pankhondo ziwiri zonsezo ukalamba sunawagwetse. Chofooka chawo chili kwina. Mu gemu yanga gululi ndi limodzi lokha, siligulidwa, limapita kwa amene walinyengerera, ndipo munthu akafa palibe wolowa m'malo mwake. Kenako ndinaika kachizindikiro ka katundu wawo pabwalo la nkhondo, kumbuyo kwa mzere. Mdani akakafikira, gululi limapitirizabe kumenya tsiku limenelo, koma nkhondo ikatha mwini wake amasankha pakati pa kulipira ndalama zambiri zowombolera katunduyo ndi kutaya kazembe wake.

Pali kena kamene ndimakakonda pa nkhani yawo. Eumenes anali Mgiriki wa ku Cardia, mlembi wa Alexander, ndipo akuluakulu a Amakedoniya sankafuna kupita kuhema wake kukalandira malamulo. Iye anaimika hema wina m'dzina la Alexander, momwe munali mpando wachifumu wopanda munthu, kuti misonkhano izichitikira mmenemo. Ndiye ngati kazembe wa wosewera si Mmakedoniya, ine ndimamulipiritsa kanthu nyengo iliyonse ya mu gemu kuti gululi lizimumverabe.

Samalani ndi dzinali. Mafumu a banja la Seleucus, kazembe wina wa Alexander, analinso ndi Argyraspides, koma awa ndi ena. Ku Raphia mu 217 BC, Antiochus III, mmodzi wa mafumu amenewa, anali ndi amuna 10,000 osankhidwa mu ufumu wake wonse, ambiri mwa iwo onyamula zishango za siliva. Amenewa ndi gulu lokhazikika la mfumu, lotheka kuwonjezeramo anthu chaka ndi chaka. Apatseni mphamvu zocheperapo kusiyana ndi madala a Antigenes, koma alole kubwezeretsedwa. Mukawaphatikiza awiriwa mu khadi limodzi, mwataya zonse ziwiri.

Tsopano mkondo weniweniwo. Dzina lake ndi sarissa, ndipo inali yotalika mamita asanu kapena kuposerapo, yogwira ndi manja awiri. Kagulu kamodzi kankakhala ndi amuna 256, mizere 16 m'litali ndi 16 m'lifupi. Polybius, wolemba mbiri wakale, amafotokoza kuti nsonga za mizere isanu yoyamba zinkatulukira kutsogolo, moti msilikali mmodzi wa Chiroma ankayang'anizana ndi nsonga khumi. Mu gemu, tanthauzo lake n'lakuti mphamvu ya gululi idalire kumene layang'ana. Ine kutsogolo ndimachulukitsa katatu, m'mbali ndimadula ndi theka, kumbuyo ndimasiya pafupifupi palibe. Ndinawonjezeranso muyeso wina umene ndimautcha kugwirana kwa mzere. Umatsika gulu likamadutsa pamiyala, m'kamtsinje, pachitunda, kapena likathamangira mdani amene akubwerera m'mbuyo. Ukatsika kufika pakati, kuchulukitsa katatu kuja kumatha.

Nkhondo ziwiri zikusonyezani ngati muyesowo mwautchera bwino. Ku Cynoscephalae mu 197 BC, mbali ya kumanja ya Philip V, mfumu ya Amakedoniya, inali kukankha Aroma potsetsereka, koma mbali ya kumanzere inali isanafole bwino pazitunda. Mkulu wina wa Chiroma anapatutsa timagulu 20 n'kukagwera opambanawo kumbuyo, nkhondo n'kuthera pomwepo. Ku Pydna mu 168 BC, mzere wa Perseus, mwana wa Philip V, unakankha Aroma mpaka pamalo osasalala, mipata inatseguka, ndipo Aroma analowa m'mipatamo ndi malupanga awo aafupi. Konzani nkhondo ziwirizi mu gemu yanu. Ngati Aroma sangathe kupambana ngakhale atachita zimene anachita tsikulo, malamulo anu ali ndi vuto.

Ku Pydna komweko kunali gulu losankhika la Perseus la amuna 3,000 limene silinathawe, ndipo linaphedwa pamalo pomwe linaima. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti kulimba mtima kukhoza kukhala mtengo wolipira. Asilikali wamba akathawa, ena amapulumuka n'kudzamenyanso chaka chamawa. Osankhika amene sathawa amathera pompo. Choncho musawapatse zonse ziwiri, kulimba mtima ndi kubwerera mosavuta. Mu gemu yanga, kuti gulu lotere lichoke pankhondo litayamba kale kumenya, kazembe ayenera kukhala pafupi nalo.

Za mtengo, musamawerengere siliva yekha. Chimene chinkasowa kwambiri ndi amuna oyenera kulowa mumzere. Philip V pokonzekera Cynoscephalae analemba anyamata a zaka 16 ndi ena amene anali atapuma kale usilikali. Ptolemy IV, mfumu ya ku Iguputo, pokonzekera kumenyana ndi Antiochus III ku Raphia anapatsa sarissa Aiguputo 20,000, anapambana nawo, koma patapita zaka zochepa ku Iguputo kunabuka kuukira kumene kunatenga nthawi yaitali. Ikani nkhokwe ya anthu yosiyana ndi nkhokwe ya ndalama, ndipo gulu losankhika lizidya kwambiri m'nkhokwe ya anthuyo.

Apakavalo osankhika vuto lawo ndi limodzi, ndipo linabwerezedwa kambirimbiri: akathyola mdani samaima. Ku Ipsus mu 301 BC, Demetrius, mwana wa Antigonus uja, anathamangitsa adani mpaka kutali, ndipo pobwerera anapeza njovu za Seleucus zitamutsekera njira, bambo akewo n'kuphedwa ali okha pakati. Antiochus III anachita zomwezo ku Raphia, anadzachitanso ku Magnesia mu 190 BC. Lamulo lake n'losavuta. Akapambana, pakhale mwayi waukulu woti athamangire othawawo kwa nyengo ziwiri osamvera wosewera. Mfumu ikakhala pakati pawo, mphamvu yawo ikwere, koma nthawi yonse imene ili kutali asilikali ena onse asalandire malamulo atsopano. Kumbukiraninso kuti analibe zopondera mapazi pachishalo, ndiye musawajambule ngati apakavalo a zaka 1,000 pambuyo pake.

Njovu sindiziona ngati asilikali osankhika, koma anthu amazifuna, ndiye mwachidule: akavalo osazolowera aziziopa, ndipo ikalasidwa kwambiri izithawira kulikonse, ngakhale mwa eni ake. Ku Magnesia njovu zimene zinaikidwa pakati pa zigawo za mzere wa Antiochus zinalusa ndi mivi n'kusokoneza mzerewo. Ku Raphia, Ptolemy anali ndi njovu 73 za ku Africa, Antiochus 102 za ku India, ndipo zambiri za Ptolemy zinaopa n'kubwerera. Zikhale makhadi awiri osiyana.

Musanalembe chilichonse pakompyuta, yesani patebulo. Ine ndimagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, chilichonse ndachilemba kamzere kosonyeza kumene chayang'ana, ndipo buku lokhuthala pansi pa nsalu limakhala chitunda. Ndimaika gulu losankhika mbali imodzi, mbali inayo asilikali wamba a mtengo wofanana, n'kumenyanitsa kakhumi pachigwa, kakhumi pachitunda, kakhuminso adaniwo ali ndi oponya mivi ndi apakavalo opepuka m'mbali. Pachigwa osankhika azipambana kasanu ndi katatu kapena kuposa. Pachitunda zizikhala pakatikati. Pachiyeso chachitatucho azigonja kawirikawiri, pokhapokha wosewera atawatetezera m'mbali. Akapambana ponseponse, musathamangire kuwachepetsera mphamvu, bwererani papepala lija muone chofooka chimene mwaiwala.

Titaika lamulo la katundu lija, mnzanga anavomera kusewerako. Anatenga a Zishango za Siliva, koma anasiya apakavalo ake theka kumbuyo akulondera msasa, mbali yake ya kumanzere n'kukhala yopyapyala. Ndinagwera pamenepo. Anakhala nthawi yaitali atagwira chitsekerero m'manja, akuganiza ngati abweze apakavalowo kapena awasiye pamsasa, ndipo pomaliza anawasiya.