Kukonza Kapena Kugulitsa Galimoto ya 4x4 Yomwe Yayenda Mtunda Wautali: Mmene Mungasankhire

Kuno kum'mawa kwa Zambia, Hilux, Land Cruiser kapena Isuzu KB ikapyola makilomita 300,000, mwini wake amayamba kulandira malangizo osemphana. Ena amati aigulitse isanamufere m'manja, ena amati magalimoto akalewa ndiwo olimba. Onsewo nthawi zambiri amayang'ana nambala ya pa dashibodi, koma nambalayo siyenera kukhala yogamula mlandu. Galimoto imene yakhala ikuyenda pa phula la Great East Road pakati pa Chipata ndi Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, imaunjika makilomita ambiri popanda kutopa kwenikweni, pamene inzake yonyamula soya ndi nshawa m'misewu ya fumbi ya ku Vubwi ndi Chadiza ikhoza kukhala itatheratu ngakhale nambala yake ili theka chabe. Choyenera kufunsa ndi chakuti chatsala n'chiyani m'galimotoyo, ndiponso kuti ndalama zoisungira pamsewu zaka ziwiri zikubwerazi zikusiyana bwanji ndi za ina yolowa m'malo mwake.

Yambirani pansi, pa chasisi, chifukwa china chilichonse chimatheka kuchimasula n'kuikapo chatsopano, koma chasisi ndiyo galimoto yeniyeniyo. Itsukeni kunsi mpaka matope onse owuma atachoka, muiimike pa dzenje la kugalaja, ndipo inuyo mutsike limodzi ndi makanika muli ndi tochi ndi kahamala. Yang'anani bwino pomwe pamangiriridwa masipuling'i a kumbuyo, pamwamba pa ekiselo, pozungulira bokosi la chiwongolero, komanso pakati pa kabini ndi bodi, pomwe piki-apu yozolowera kusenza mopyola muyezo imayambira kupindika. Kumbukirani kuti matumba 20 a makilogalamu 50 akwana kale tani imodzi, ndipo ambirife pa nthawi yokolola sitilekera pamenepo. Mng'alu wa pa chasisi umaoneka ngati kamzere kofiirira ka dzimbiri kotuluka pa bawuti kapena pamalo owotcherera. Mukagogoda ndi hamala, chitsulo chabwino chimalira mokweza, pamene chodyeka chimamveka mogonthera n'kumayoyoka zidutswa. Kwathu kuno kulibe mchere wa m'nyanja, choncho dzimbiri limachokera makamaka ku matope okhalitsa m'kati mwa chasisi, kupatula ngati galimotoyo inachokera ku mayiko ozizira kumene amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Mng'alu umodzi waung'ono ukhoza kuwotchereredwa ndi mmisiri wodziwa ntchito, n'kuulimbitsa ndi chitsulo china. Koma ngati pali zigamba pamwamba pa zigamba, matayala akudyeka mbali imodzi ngakhale mwawawongoletsa kangapo, ndipo wokutsatirani pambuyo akuona galimoto ikuyenda chammbali ngati nkhanu, musawonongenso ndalama pa injini yake. Galimoto yotero yafika pogulitsa.

Chasisi ikakhala yabwino, pitani pa injini, ndipo muiyese m'mawa isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda ambiri. Ikamavuta kulira, n'kumatulutsa utsi wabuluu umene sukutha ngakhale yatentha, ndiye kuti ikuwotcha oyilo, ndipo kawirikawiri vuto limakhala la maring'i, mavavu kapena tebo. Utsi wakuda umaloza ku ma-injector, pampu ya dizilo kapena sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, ndipo zimenezi zimakonzeka popanda kutsegula injini yonse. Woopsa ndi utsi woyera wosalekeza, makamaka ngati madzi akuchepa mu radiyeta popanda podontha, kapena pansi pa chitsekero cha oyilo pakuoneka zoyererako ngati mkaka wosasa. Apo madzi akulowa m'malo osayenera, ndipo gasiketi kapena hedi yeniyeniyo yawonongeka. Musakhutire ndi makanika amene wangotchera khutu n'kunena kuti injini yatha. Pemphani kuti ayeze compression (mphamvu yopanikiza mpweya) ya silinda iliyonse ndi chipangizo, alembe manambalawo papepala, ndipo muone ngati ali oyandikana komanso ngati akufika pa mlingo umene opanga galimotoyo anaika.

Mtundu wa injini nawo uli ndi mawu pa nkhaniyi. Injini ya 1HZ ya malita 4.2, imene ili m'ma Land Cruiser ambiri a zipatala, mamishoni ndi malo ogona alendo ku Mfuwe, ilibe tebo ndipo pampu yake ndi yachikale, moti amakanika ambiri a m'Chipata, Katete ndi Petauke amaidziwa bwino, ndipo ikaphwasulidwa n'kukonzedwa mosamala imatumikiranso zaka zambiri. Chimodzimodzi 5L ya m'ma Hilux akale. Injini ya 1KZ-TE ya m'ma Prado ndi ma Surf imakoka bwino, koma imadziwika ndi kung'aluka hedi ikatentha mopyola, choncho amene asintha hedi osakonza radiyeta, fani ndi pampu ya madzi adzabwereranso kugalaja posachedwa. Injini za D-4D, monga 1KD ndi 2KD, zimamwa dizilo pang'ono, koma ma-injector ake ndi okwera mtengo, sagwirizana ndi dizilo wa m'zigubu wokhala ndi madzi kapena fumbi, ndipo matenda ake ena amafuna kompyuta kuti adziwike. Injini zonsezi zili ndi lamba wa timing amene amasinthidwa pa makilomita 100,000 kapena 150,000 malinga ndi mtundu wake, ndipo ngati simukudziwa kuti anasinthidwa liti, muwerengereni pa zofunika kugula, chifukwa akaduka injini ikuyenda amawononga mavavu.

Injini ikapezeka kuti yathadi, pali njira ziwiri: kuiphwasula n'kuikonza, kapena kugula ina yogwirapo kale ntchito. Ine ndimakonda yoyambayo ngati buloko ndi kirankishafuti zili bwino ndipo pali wodziwa kuyeza ndi kupala zitsulozo, chifukwa mumadziwa chilichonse chimene chalowamo. Injini yogula yathunthu imafulumiza ntchito, koma mbiri yake simuidziwa, choncho musalipire musanaimve ikulira, ndipo wogulitsa alembe masiku amene angailandirenso ikapezeka ndi vuto. Sungani malisiti ake, ndipo mukasinthitse nambala ya injini ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, kuti igwirizane ndi white book, chikalata cha umwini wa galimoto, apo ayi mudzavutika pa fitinesi ndi pogulitsa.

Giyabokosi, transfer case (bokosi logawira mphamvu ku mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo) ndi madifu muziyese pamsewu wa dothi, osati pa phula. Lowetsani H4 kenako L4, magiya oyendetsa mawilo onse anayi, muone ngati zikulowa mosavuta ndiponso ngati sizikutuluka zokha pokwera chitunda. Kulira kopitirira kumene kukukula pamodzi ndi liwiro kumachokera ku difu kapena mabering'i, ndipo pokhetsa oyilo wa m'menemo yang'anani kachitsekero kake ka maginito: tiphulusa tachitsulo tochepa n'tachizolowezi, koma tizidutswa tooneka ndi maso tikutanthauza kuti mano a magiya akudyana. Mashoko, mabushi, ma-ball joint, kalachi ndi mabuleki zisakuchititseni mantha, popeza zimatha pa galimoto iliyonse, ngakhale yomwe mukuisirirayo.

Mukadziwa matenda onse, khalani pansi ndi kope. Pemphani amakanika awiri osiyana kuti aliyense alembe mtengo wake, masipeya paokha ndi ntchito payokha, ndipo atchule ngati masipeyawo ndi enieni kapena otsanzira. Pa zimenezo onjezani zomwe zidzafunike m'zaka ziwiri, monga matayala, batire ndi kalachi. Anthu ambiri amatsata lamulo loti kukonza kukapyola theka la mtengo wa galimoto ndi bwino kuisiya. Lamuloli limathandiza, koma limaiwala chinthu chachikulu, chakuti ambirife tikamati tigule ina sitikunena yatsopano ya m'shopu, koma yakale inanso imene sitikuidziwa. Mtengo umene mumauona pa intaneti wa galimoto ya ku Japan ndi chiyambi chabe. Pali ndalama za sitima mpaka ku Dar es Salaam, zoiyendetsa mpaka pa Nakonde, msonkho wa bungwe lotolera misonkho la ZRA pamodzi ndi msonkho wowonjezera wa magalimoto opyola zaka zisanu, za wothandiza kuitulutsa pachipata, zolembetsa, ndi inshuwalansi. Ikafika imafunanso oyilo yense watsopano, lamba wa timing, ndipo nthawi zambiri matayala ndi mashoko oyenera misewu yathu. Zambiri mwa izi zimatsata dola, moti Kwacha ikagwa galimoto ili panyanja, bajeti yanu yasokonekera. Ngati ndalamayo ndi ya ngongole, lembaninso chiwongoladzanja chonse mpaka tsiku lomaliza kubweza. Nambala ya makilomita ya galimoto yogulayo musaikhulupirire msanga, chifukwa imabwezedwa m'mbuyo. Yerekezani ndi zimene zalembedwa pa chikalata chotulutsira galimotoyo ku Japan, komanso ndi kudyeka kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mphira za popondera.

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti, ndiwo masiku amene galimoto imakhala pa majeki. Kwa wogula mbewu, sabata ziwiri zodikira sipeya kuchokera ku Lusaka m'mwezi wa June zikhoza kudya phindu la chaka chonse, ndipo kwa wonyamula odwala kapena alendo, kufera m'thengo panjira ya ku Chama m'nyengo ya dzinja si nkhani ya ndalama yokha. Bwererani m'malisiti a miyezi 12 yapitayi muwerenge kuti galimotoyo yakusiyani panjira kangati ndiponso chifukwa chake chinali chiyani. Ngati ndi vuto limodzi lobwerezabwereza, ndiye kuti silinakonzedwe bwino, ndipo mwina chofunika kusintha ndi galaja. Ngati mwezi uno ndi giyabokosi, wamawa mawaya, winawo chiwongolero, galimotoyo ikutha paliponse nthawi imodzi, ndipo kuithamangitsa ndi masipeya n'kutaya ndalama. Amene amayenda ndi banja maulendo ataliatali aganizirenso kuti magalimoto ambiri akalewa alibe ma-airbag kapena mabuleki a ABS, zinthu zimene makanika sangawonjezerepo, koma zofunika kwambiri m'makhota a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa.

Mukasankha kukonza, ntchito yaikulu ichitike pakati pa September ndi October, misika ya mbewu itachepa ndipo mvula isanayambe, kuti injini yokonzedwayo iyambe yayenda pang'onopang'ono m'misewu youma isanakumane ndi matope. Gulani masipeya nokha kapena pitani limodzi ndi makanika, lipirani ntchito m'zigawo, ndipo pemphani kuti zitsulo zonse zochotsedwa azikubwezerani. Mukasankha kugulitsa, igulitseni ikadali yoyenda yokha, fitinesi ndi msonkho wa pamsewu zisanathe, chifukwa yokokedwa ndi chingwe imagulidwa pa mtengo wa masipeya basi. Muuzeni wogula matenda amene mwapeza, muwalembe m'kalata yogulitsira imene nonse musainire pamaso pa mboni, ndipo musamupatse makiyi ndi white book musanagwirizane tsiku lokasinthitsa umwini ku RTSA, popeza dzina lanu likatsalira pamenepo, milandu ya pamsewu ya galimotoyo idzapitiriza kubwera kwa inu.